Khirisimasi kumudzi: masiku amathera pa msewu, amayi osakhala nawo pansi

Nangozo, Leicester

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mumapita kumudzi nthawi ya Khirisimasi.

Matikiti tagula tonse anayi, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri. Tinyamuka ana akangotsekera sukulu, kudzera ku Addis Ababa, kukatera ku Lilongwe. Tikachotsa masiku a m'njira, titsala ndi masiku 15 okhala kumudzi. Kuno kwayamba kale kuda 4 koloko isanakwane, popita ku ntchito mdima, pobwera mdima, ndiye mtima wanga unanyamuka kale. Koma ndikakumbuka ulendo wathu wa 2023 ndikugwa mphwayi.

Chaka chimenecho tinakhala masabata atatu. Nditabwerera kuno ndinatenga pepala nkuyamba kuwerenga masiku amene ndinakhala ndi amayi anga, kukhala kwenikweni, osati kuwapatsa moni injini ya galimoto ikulira panja. Ndinapeza tsiku limodzi ndi theka. Ena onse anathera pa msewu: kwathu kufupi ndi Lizulu, kwa apongozi ku Mulanje, ukwati wa msuweni ku Lilongwe, kukaona poloti, kukapepesa maliro asanu ndi awiri amene anachitika ine kulibe. Anzanga a ku sekondale, amene tinagona chipinda chimodzi zaka zinayi nkumagawana chigumu chimodzi, ndinaonana nawo maola awiri okha pa malo ena odyera ku Blantyre, ndipo awiri mwa iwo sanabwere nkomwe.

Tsiku lonyamuka amayi anatiperekeza mpaka pa msewu, atanyamula kathumba ka ufa woyera pamutu. Atakatsitsa anandigwira dzanja nkunena kuti, "Mwabwera ndithu, koma sitinakuoneni." Sanakalipe, anangonena motsitsa mawu. Mawu amenewo ndimawamvabe ndikamasambitsa agogo a eni ake ku ntchito kuno. Amayi tsopano ali ndi zaka 74 ndipo mawondo akuwavuta.

Ndiye ndifunse, inu masiku mumagawa bwanji? Ndani amene munthu angamukanire osasiya chilonda? Nanga anzathu akale timawaona bwanji kuti kuchezako kukhale kucheza?

Make Tadala, Manchester

Asisi, mwalankhula za mumtima mwanga. Chimene ndinaona ine nchakuti mavuto amayambira pa bwalo la ndege. Mukangojambulitsa pa Kamuzu nkuika pa Facebook, foni ija siikhalanso yanu. Ulendo wathawu sindinauze munthu kupatula amayi ndi mlongo wanga amene anadzatitenga. Tinachoka ku Lumbadzi molunjika kwathu ku Mchinji, osagona m'tauni, ndipo masiku asanu oyambirira nambala ya kumudzi sindinaiyatse. Amene anamva anamvera pa mjigo, ndipo amene anali ndi mtima wondiona anabwera okha pakhomo pa amayi.

Chinanso, musayese kuwonjezera masiku potulutsa ana sukulu isanatseke. Ku England kuno chindapusa chinakwera mu Ogasiti 2024. Mwana akajomba masiku asanu popanda chilolezo ndi £80 kholo lililonse pa mwana aliyense, ndipo mukapitirira masiku 21 osalipira chimafika £160. Inuyo makolo awiri, ana awiri, imeneyo ndi £320. Bola ndalama imeneyo ikagwire ntchito kwa amayi.

Aphiri a ku Joni

Achemwali, ine ndili ku Johannesburg chaka cha 11 tsopano, ndipo za Disembala ndinasiya. Ife sitikwera ndege. Basi imanyamuka ku Park Station, kukaima pa Beitbridge, kudutsa Zimbabwe yonse mpaka Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Mu Disembala makampani a zomangamanga akatseka, aliyense amanyamuka nthawi imodzi, Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Zambia, ndiye pa Beitbridge pokha mukhoza kutha tsiku lathunthu muli pa mzere. Umafika kumudzi miyendo itatupa, nkupeza anthu onse ali kumunda.

Masiku ano ndimapita mu Juni kapena Julayi. Inu mukuthawa chisanu cha ku Ulaya nkukalowa m'dzinja, ine ndimachoka m'chisanu cha kuno nkukapeza chisanu cha kwathu ku Dedza, chimene nachonso nchoopsa ukadzuka m'mamawa. Koma nthawi imeneyo mudzi umakhala wa anthu. Akolola, chimanga chili m'matumba, mtedza ukuuma pabwalo, mbatata ndi nzimbe zili mbwee. Misewu ndi youma, ukhoza kufika kulikonse ngakhale pa njinga. Madzulo timasonkha moto panja, bambo anga atafunda bulangete, tikuwotcha mbatata, ndipo nkhani zimene sangandiuze pa foni zimatuluka zokha pamenepo: za malire a munda, za amene anakwatira, za ngongole imene anabisa. Ziliza timamanganso nthawi yomweyo poti kulibe mvula yoononga simenti.

Ndikudziwa kuti matikiti mwagula kale, sindikuti musinthe. Ndikungoti chaka china mudzayese nyengo ya masika ikangotha, ana anu akatsekera mu Julayi. Mudzaona kusiyana kwake.

Nangozo, Leicester

Zikomo Aphiri. Za Julayi tinaziganizira, koma ku ntchito kwanga tchuthi cha nthawi imeneyo chimalimbiranidwa ndi aliyense amene ali ndi ana, ndipo chaka chino sichinandigwere. Komanso ndi mmene amayi akumvekera pa foni masiku ano, sindinafune kudikira miyezi ina isanu ndi iwiri.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu

Ndilankhuleko ngati mmodzi mwa ife amene timatsala kuno, poti ambiri pagulu pano muli kunja. Anangozo, ndinu a kwathu, ndiye musandimve molakwika.

Disembala kwa inu ndi tchuthi, kwa ife ndi mwezi wa khasu. Mvula ikayamba bwino kumapeto kwa Novembala, pofika Khirisimasi chimanga chimakhala chikupikisana ndi udzu. Kupalira, kuthira feteleza wobereketsa, kubandira, zonsezi zimagwera masabata omwewo amene inu mwabwera. Ngakhale ine wa pa malipirone, sukulu zikatsekera ndimalowa m'munda 5 koloko m'mawa. Ndalama ya mwezi umenewo imakhala itagawidwa kale isanafike: feteleza, aganyu, mpunga ndi nkhuku ya pa 25, fizi ya Januwale.

Zaka zingapo zapitazo mnzanga wa pamtima amene ali ku Ulaya anabwera nkutiitana tonse a kalasi lathu kuti tikakumane ku nyanja ku Salima. Anachita ndi mtima wabwino, zimenezo sindikayika. Ndinakongola ndalama ya minibasi, ndinasiya munda uli pakati. Titafika anatipatsa pepala la zakudya, ndinayang'ana mitengo yake nkungoti ndimwa Fanta. Iye anaona, anaitanitsa chambo cha aliyense, analipira zonse. Tinaseka, tinajambulitsa. Koma pobwerera m'minibasi ndinadzimva ngati mwana amene watengedwa kokayenda ndi amalume ake, osati munthu amene ankabisa naye mbale ya nyemba pansi pa bedi ku hositelo. Ulendo wotsatira atandiimbira ndinamuuza kuti ndikudwala. Anangozo, mwina anzanu awiri amene sanabwere ku Blantyre aja sikuti anakuiwalani.

Mnzanga wina anabwera chaka chatha, iyenso wochokera kunja. Sanaimbe nkomwe. Anakwera kabaza wa njinga yamoto, mvula itangokata, anafika matope mpaka m'mawondo. Kunyumba anamuuza kuti ndili kumunda, iye nkunditsatira. Anavula nsapato, analanda khasu kwa mwana wanga, tinapalira limodzi mizere ingapo mpaka manja ake anatuluka matuza. Kenako tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Mayi a kunyumba anabweretsa nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi bowa amene anagula kwa ana pa msewu. Tinayamba kuwerenga a kalasi lathu mmodzimmodzi, amene ali moyo ndi amene anatisiya, ndipo pa dzina lina tonse tinangokhala chete kwa nthawi. Anachoka kutada. Sanandisiyire ndalama, ndipo sindinaiyembekezere. Mpaka lero tikaimbirana timayambira pamene tinalekezera pansi pa mango paja.

Ndiye pempho langa ndi ili: musatiitanire kumene ife sitingakwanitse kukulandirani. Bwerani pakhomo, tikuphikireni ifeyo.

Make Tadala, Manchester

Aphunzitsi, mwanena zoona ndipo zandilasa, chifukwa nanenso za ku nyanjazo ndinachitapo. Koma timveninso ifeyo. Anzako akakhala asanu ndi mmodzi, wina ku Zomba, wina ku Kasungu, wina ku Mzuzu, sungafike pakhomo pa aliyense m'masabata awiri. Kuitanira anthu pamodzi kumakhala kufuna kuti wina asadandaule kuti ananyalanyazidwa. Ukapita kwa mmodzi yekha, enawo amamva, ndipo mawu amene amakupeza ndi akuti wayamba kusankha.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu

Ndamva, Make Tadala. Ngati nkuitana, itanirani pakhomo pa makolo anu. Kumeneko aliyense amadziwa chochita. Wina abwera ndi nkhuku, wina kabichi, amayi ena alowa kukhitchini, abambo apha mbuzi. Palibe amene amaoneka wochepa. Thiransipoti ya amene ali kutali mutumizireni mwakachetechete pa foni tsiku lisanafike, osati kumupatsira pagulu.

Bambo a Chisomo, Nottingham

Ine ndigwire nkhani ya maliro, chifukwa ndaona ena akulangizana m'magulu ena kuti ukatumiza chipepeso pa Mpamba ndiye kuti watha. Ayi. Ndalama imathandiza tsiku la maliro, koma nkhope amaidikirabe. Mtchona akafika m'mudzi nkudutsa pa nyumba imene panagwa zovuta osakhota, anthu sanena kwa iye, amanena kwa amake, ndipo amakewo ndi amene amatsala ndi manyazi inu mutakwera ndege. Ndiye Anangozo, kupepesa maliro nkuwachitiranso amayi anu omwewo.

Chimene chimatha masiku ndi kuyenda mosakonza. Ine ndimachita chonchi. Usiku umene ndafika ndimakhala pansi ndi amalume, poti ndiwo eni mbumba, nkuwafunsa kuti ndani ndi ndani anatisiya chichokereni ine. Iwo ndi amene amadziwa koyambira, chifukwa ukayamba kwa wamng'ono kusiya wamkulu walakwitsa kale. M'mawa mwake timayamba kukaonekera kwa amfumu, kenako timayenda wapansi nyumba ndi nyumba, galimoto itatsala. Amalume ndi amene amayamba kulankhula. Chipepeso chimakhala chochepa, paketi ya shuga, sopo ndi kandalama, ndipo chimadzera m'manja mwa iwowo. Ngati mukufuna kukaona manda, musapite nokha, pemphani kwa amfumu akupatseni wokuperekezani.

Chimodzi chokha, mukakhala pa mphasa musayang'ane wotchi. Ofedwa amafuna kufotokoza matenda kuyambira tsiku limene munthu anayamba kudandaula mutu mpaka pamene anatsirizika, ndipo kumvetsera kumeneko ndiye kupepesako. Ulendo wathawu ndinapita kwa mayi wina wamasiye, mkazi wa mnzawo wa bambo anga. Atamaliza kufotokoza analowa m'nyumba nkutuluka ndi kabuku ka nyimbo kakale, chikuto chake chomata ndi pulasitala. Anati malemuwo ankasunga m'menemo chithunzi changa cha tsiku limene ndinabatizidwa, chimene kwathu chinatayika kalekale. Anandipatsa. Ndikanatumiza ndalama yokha, chithunzi chimenecho sindikanachidziwa.

A m'mudzi momwemo ndi midzi yoyandikana mukhoza kuwamaliza tsiku limodzi, mukadzuka m'mawa. A kutali muwaike pa njira ya ku Mulanje, kapena mupemphe amalume akakuimirireni ndi mawu anu.

Namwino ku Glasgow

Pepani ndikhotetse pang'ono, koma nkhani iyi ndi imene imasandutsa tchuthi kukhala chipatala. Mukupita nthawi ya mvula, nthawi ya udzudzu. Ife amene tinakulira kumudzi timaganiza kuti malungo tinawazolowera, koma chitetezo chimene thupi limakhala nacho chimachepa munthu akakhala kunja kwa nthawi, ndipo ana okulira kuno alibiretu. Ambiri mwa anthu amene amapezeka ndi malungo ku Britain kuno si azungu okaona nyama, ndi ife amene timapita kukaona abale.

Pitani ku famase kapena kwa dokotala wanu masabata angapo musananyamuke. Mankhwala a atovaquone-proguanil, amene ambiri amawadziwa kuti Malarone, mumayamba tsiku limodzi kapena awiri musanafike, kumwa tsiku lililonse, nkupitiriza masiku 7 mutabwerako. A ana amatengera sikelo ya mwanayo, ndiye akawayeze. Doxycycline ndi wotchipirapo, koma sapatsa ana osakwana zaka 12 kapena mayi woyembekezera, ndipo amafunika kupitiriza masabata anayi mutabwerera. Neti mugone nayo usiku uliwonse. Ku Lizulu nkokwera ndi kozizira, udzudzu umachepako, koma ku Mulanje ndi ku nyanja ayi. Mwana akatentha thupi muli komweko, kayezetseni tsiku lomwelo. Akatentha mutabwerera kuno, ngakhale patapita miyezi, mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti tinali ku Malawi.

Ndipo poti mwatchula mawondo a amayi, limodzi mwa masiku anuwo muwaperekeze nokha kuchipatala, akawayezenso shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Makolo athu pa foni amangoti tili bwino.

Mwana wa ku Mulanje, Luton

Alamu, ndawerenga zonse ndipo ndikumva chisoni ndi mawu a amayi anu. Koma ndione ngati ndine ndekha amene ndikuganizira mbali inayo. Amuna anu nawonso ali ndi amayi awo, ndipo ana awiriwo ndi zidzukulu za ku Mulanje chimodzimodzi. Mukapanga ndondomeko yoti masiku ambiri muli kwanu, muipange pamodzi ndi bambowo, ndipo apongozi auzidwe ndi mwana wawo nthawi ikadalipo, asadzamve mutafika kale.

Ndikunena izi chifukwa kwathu kuja anthu sanachire bwinobwino chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi ndi miyala zochokera m'phiri zinatenga nyumba, minda ndi anthu ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu mpaka ku Chilobwe mu Blantyre. Ine nditapita chaka chimenecho, malo amene tinkasewera mpira ndi anzanga ndinapeza pali miyala yokhayokha, ndipo mnzanga mmodzi sanapezeke mpaka lero. Mvula ikayamba kugunda pa malata usiku, amayi anga sagona. Khirisimasi ndi nthawi imene amafuna kumva mawu a anthu m'nyumba.

Nzotheka kugawana. Khirisimasi kwina, Chaka Chatsopano kwina, ndipo ulendo wotsatira nkusinthanitsa. Bambowo akhozanso kutsogola masiku awiri kuti nawonso akhale pansi ndi amayi awo, inu nkuwatsatira ndi ana.

Nachisale, Cape Town

Palibe amene watchula ndalama mwachindunji, koma ndi imene imadzaza khonde. Anangozo, 2023 munafika kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala, zinthu zitakwera usiku umodzi, ndiye sindikudabwa kuti aliyense ankakufunani. Anthu sindikuwaweruza. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, fizi ikudikira, ndipo munthu akaona mbale wake wochokera kunja amaona mpata umene sudzabweranso posachedwa.

Chimene chinandithandiza ine nkulekanitsa thandizo ndi ulendo. Chilichonse chimene ndakonza kuthandiza, kaya feteleza, kaya fizi, kaya malata, ndimatumiza mwezi wathunthu ndisanafike, kudzera kwa mchemwali wanga wamkulu, ndipo aliyense amadziwa kuti zake zadzera kumeneko. Feteleza wofika pa Khirisimasi amakhalanso atachedwa kale. Ndikafika ndimakhala ndi tinthu tating'ono, zitenje za azakhali, maswiti a ana, mchere ndi sopo wa agogo a m'mudzi. Wobwera ndi vuto latsopano ndimamumvetsera mpaka amalize, nkumuuza zoona kuti panopa ndilibe, ndikabwerera ndiona. Ena amakhumudwa, inde. Koma kuyambira pamenepo anthu amene amabwera madzulo amakhala obwera kudzacheza, ndipo amayi sakhalanso pakhomo ngati mlonda wolandira alendo anga.

Wobadwira ku Coventry

Moni amayi ndi abambo. Ine ndinabadwira kuno, Chichewa ndinaphunzira kwa amayi ndi agogo, ndiye mundikhululukire pamene ndalakwitsa. Ndikufuna kulankhulira ana anuwo.

Tili ana tinapita ku Malawi katatu. Zambiri zimene ndimakumbuka ndi kukhala kumbuyo kwa galimoto, kutsika, kugwada, kupereka moni kwa anthu amene sindinkawadziwa, kukweranso. Koma ulendo wina makolo anatisiya kwa agogo masiku anayi iwo atapita ku Mzuzu. Usiku wina mvula itasiya, agogo anatidzutsa kuti ngumbi zatuluka. Anaika nyali pabwalo ndi beseni la madzi pambali pake. Ngumbi zinkabwera zambirimbiri kuzungulira nyaliyo nkumagwera m'madzimo, ife ndi asuweni athu tikuzitola ndi manja, tikukuwa. M'mawa agogo anazikazinga ndi mchere pang'ono, anaziyanika, nkuzipeta pa lichero kuti mapiko achoke. Ndinkaopa kulawa, koma anandiika imodzi m'kamwa okha akuseka. Masiku anayi amenewo ndi amene ndinaphunzira mawu akuti lichero, mtondo, chipande, ndi kuyankha kuti "wawa" akandiitana. Agogo anamwalira ndili ku yunivesite, ndipo sindinathe kupita.

Ndiye pamene mukupita kopepesa maliro kapena ku tauni, ana asiyeni ndi agogo awo. Asaope matope. Amwe mankhwala amene anena anamwinowo, basi.

Aphiri a ku Joni

Mwana iwe wandiliza ndili pa ntchito. Zikomo.

Ndionjezere pa za anzathu akale zija. Musadikire kuti onse apezeke tsiku limodzi. Ine ndinali ndi mnzanga amene tinkaweta naye ng'ombe tili ana. Maulendo atatu ndinkangoti ndidzamuona ulendo wamawa, poti amakhala kuseri kwa phiri ndipo alibe foni. Ulendo wachinayi ndinakakamizika kupita, ndinamupeza maso atachita khungu chifukwa cha shuga. Anandizindikira ndi mawu ndisanatchule dzina, nkuyamba kunditchulira mayina a ng'ombe za bambo anga imodziimodzi, zimene ine mwini ndinaziiwala. Panopa ndikafika kumudzi, tsiku lachiwiri ndi lake. Anangozo, pa anzanu a ku sekondale aja alipo mmodzi amene mtima wanu ukudziwa kuti ndiye woyenera kumuyendera pakhomo. Yambani ndi ameneyo.

Nangozo, Leicester

Abale anga, ndawerenga mobwereza, ndipo dzulo usiku tinakhala pansi ndi bambo a kunyumba mpaka 1 koloko.

Tagwirizana chonchi. Kuchoka pa bwalo la ndege tilunjika kwa amayi, ndipo tikhala kumeneko masiku asanu ndi anayi, Khirisimasi yomwe. Tsiku lachiwiri ndi la maliro, amalume ndawaimbira kale ndipo akuti chichokereni ine agwa anayi, atatu ndi a m'mudzi momwemo. Bambo atsogola ku Mulanje pa 27, ife tiwatsatira pa 30 kuti Chaka Chatsopano tikadyere kwa apongozi, ndipo awauza okha m'mawa uno. Alamu a ku Luton, zikomo pondikumbutsa, apongozi akuti akondwa kuti mwana wawo adzagona m'nyumba mwawo masiku angapo. Poloti akaona mchimwene wanga nkutijambulira. Ukwati umene tinaitanidwa ku Lilongwe ndapepesa, mphatso ndatumiza. Ndalama ya feteleza ndi fizi ichoka Lachisanu likubwerali. Ana ndawalembetsa ku famase Lolemba.

Aphunzitsi, nditawerenga zanu ndinaimbira mmodzi mwa anzanga awiri amene sanabwere ku Blantyre aja. Poyamba ankangoti zinthu zinachuluka. Nditakakamira anandiuza kuti nthawi imeneyo amuna ake anali atangochotsedwa ntchito, analibe ya minibasi, ndipo anachita manyazi kundiuza. Amuna akewo anamwalira chaka chatha. Ine ndinangolemba pepani pa WhatsApp. Tinalira tonse pa foni. Amakhala ku Balaka, ndiye ndipita pakhomo pake ndekha pa 23, ndikagone komweko ngati angalole. Enawo ndawaitanira kwa amayi pa 26, ndipo anayi avomera kale. Wina akuti abwera ndi mpunga wa kilombero, wina akuti mbuzi ndisagule.

Amayi nditawauza kuti tikhala masiku asanu ndi anayi anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenako anafunsa kuti, "Nanga anawo amadya nkhwani?" Akuti tambala wofiira uja samugulitsanso, ndipo anyika mawere kuti chimera cha thobwa chikhale chitauma tisanafike. Ndawafunsa chimene akufuna ndiwatengere, akuti juzi yokha ya m'mawa ndi magalasi owerengera Baibulo.

Aphunzitsi, ngati simuli kutali ndi Lizulu, pa 26 mudzabwere ndi mayi a kunyumba. Njira ndikutumizirani kumbali.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu

Sitili kutali, ndi minibasi imodzi. Tidzafika masana tikaweruka kumunda. Mayi a kunyumba akuti bowa akadzapezeka adzatenga, ndipo akufunsa ngati kwa amayi kuli mapoto okwanira kapena adzanyamule lawo lalikulu.